Tsiku Limene Mpanda Wanga Unauluka

Mpaka lero apabanja akasonkhana n'kuyamba kukamba za mipanda, ine ndimanamizira kuti foni yalira n'kutuluka panja. Akazi anga, aNaphiri, amangoseka chifukwa gwero lake akulidziwa.

Tinali titangokwatirana kumene, tikukhala m'kanyumba kakang'ono kuseri kwa msika wa Kamwendo. Masiku okoma amenewo! Mpando unali umodzi, tinkachita kusinthana, koma tinkaseka kuposa lero. Vuto linali lakuti pakhomo panali pambalambanda. Bafa nalo linali logumuka mbali imodzi, moti akabaza ankatha kukupatsa moni uli mkati mosamba.

"Bambo, timange mpanda wa tsekera ndi nsungwi ngati anzathu," anatero aNaphiri.

"Ndigule udzu? Udzu womera wokha kudambo?" ndinayankha. (Nthawi imeneyo ndinkadzitcha katswiri wosamala ndalama. Anzanga ankangoti ndine woumira.)

Ndinakatuta mapesi a chimanga kwa amalume anga kwa Zulu, aulere. Mpanda unaoneka bwino ndithu. Koma munali m'chilimwe msipu utauma, ndipo mbuzi za m'dera lonse zinauzana kuti kwathu kwatsegulidwa lesitilanti. Posakhalitsa panangotsala mitengo yokhayokha, yoima motalikana ngati mano a nkhalamba.

Munthu wanzeru akanagonjera pomwepo. Ine ndinakwera minibasi ya ku boda, kumene ndinapeza dalaivala wina wa thiraki wa ku Chipata akugulitsa tenti yakale yophimbira katundu.

"Mudala, iyi ni yolimba maningi," anandiuza akuimenya ndi chikhatho. "Mbuzi siingadye, olo njovu."

Ndinaigula motchipa, n'kudzaikhoma pa mitengo yomwe ija, kuzungulira bafa mpaka kukhitchini. ANaphiri anagwedeza mtengo umodzi ndi chala.

"Chiswe chamaliza pansipa, bambo."

"Ikadali ndi mphamvu imeneyo," ndinatero monyada. (Mbuzi zinabweradi, zinanunkhiza, n'kubwerera zokhumudwa. Ndinayenda chodzitukumula masiku amenewo.)

Ndiye linafika Lamulungu lina masana. Ndinali m'bafa, sopo ali thoo kumaso, ndikuimba nyimbo mokweza. Sindinkadziwa kuti apongozi anga aakazi atsika pa siteji kuchokera ku Ludzi, pamodzi ndi amayi anzawo a kwaya, kudzaona pakhomo pa mwana wawo koyamba. Mukudziwa kale kuti kwathu kuno mkamwini sayang'anana ndi apongozi m'maso. Ukawaona panjira, umapatukira kutchire.

Ndinangomva fumbi likundilowa m'kamwa. Kamvuluvulu! Tenti inafufuma, mitengo n'kumveka thyo, thyo, thyo, ndipo mpanda wonse unanyamuka n'kukakola mu mtengo wa mango wa aneba. Thaulo ndi thalauza, zomwe ndinapachika pa tentipo, zinapita nawo ulendowo.

Nditatsukuluza m'maso, ndinaona amayi ovala zitenje zofanana ataima pabwalo, mitolo ili pamutu. Ndinakhuthula madzi, n'kunjuta, n'kudziphimba ndi beseni.

Apongozi anatembenuka msanga, nayang'ana ku mtengo wa mango uja. Koma munthu woleredwa bwino sangafike pakhomo osapereka moni.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anafunsa, akuyang'anabe kumangoko.

Nanenso ndinaleredwa bwino, ndipo ndi zimene zinandipweteketsa. Moni wa apongozi suyankhidwa manja ali chete. Ndinaomba m'manja mwaulemu wonse: "Ndaswera bwino, kaya inu amayi?"

Beseni linagwa. Linagubuduka mpaka kukaima pamapazi a mayi wina woimba besi, amene anangoti, "Mayo ine!" ANaphiri anatuluka chothamanga n'kundiponyera chitenje, misozi ya phwete ikutsika m'masaya.

Tsikulo ndinalithera kuchipinda, ati ndikudwala mutu. Patapita masiku ochepa ngolo ya ng'ombe inaima pakhomo itadzaza tsekera, nsungwi ndi mitengo ya bulugamu. Woyendetsa anati, "Agogo aku Ludzi akuti muyambire ku bafa."

Apongozi anga, mayi wabwino uja, anakhala zaka zambiri, ndipo anatisiya osaitchulapo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Ndimawasowa kwambiri.

Pano tinamanga mpanda wa njerwa, changotsala ndi geti. Dzulo ndinaona chitseko cha minibasi yakufa pa galaja ina, ndipo mwini wake akuti ndingomugulira fanta. ANaphiri akuti ndikabwera nacho, ndikagone mu minibasimo.