Mbuzi ya Chinkhoswe ndi Ma Thread Anga

Khalani pansi ndikuuzeni manyazi amene anandibisa m'nyumba sabata yathunthu ku Kawale kuno. Woseka ndimutsina!

Mdzukulu wanga Tadala amagwira ntchito ya makompyuta. Kutatsala masiku atatu kuti chinkhoswe chake chichitike, ndinamupeza akungomwa tiyi, kompyuta ikudzilembera yokha.

"Iwe, abwana ako amakulipira kumwa tiyi?"

"Agogo, ndalemba script ya Python, malangizo oti kompyuta izitsatira. Ntchito ndaigawira ma thread anayi, ngati antchito anayi. Onse akugwira nthawi imodzi, osadikirana. Koma pamafunika loko, chifukwa..."

"Basi, ndamva! Sukulu sindinapite, koma mutu ulipo."

Tsiku la chinkhoswe, akuchimuna ochokera ku Dedza anafika msanga, mbuzi isanapse. Ndinaitana amayi anayi a kutchalitchi kwathu.

"Lero tiphika modern! Palibe kudikirana. Waona chosowa, chita pompo. Inuyo ndinu ma thread!"

NaBanda analawa msuzi, mulibe mchere. Anathamangira m'nyumba kukatenga. Ali komweko NaPhiri analawanso, mulibe, ulendo kwa neba. Awiri enawo chimodzimodzi. Aliyense pobwera anangothira dzanja lodzaza, osalawanso, n'kupita kukadula kabichi.

Ankhoswe akuchimuna analuma nthuli imodzi. Maso tuzu! Misozi mbwee!

"Amayi, pepani, mbuziyi inkadya udzu kapena mchere?"

Azakhali a mnyamatayo ananong'ona mokweza dala: "Mwana wathu azidya zimenezi?"

Mtima wanga unangoti phwii! Mwamuna wa Tadala athawe chifukwa cha mbuzi? Ndinalowa kukhitchini ngati wapolisi.

"Wathira mchere ndani?"

Manja anayi m'mwamba!

Tadala anagwira mutu. "Agogo, loko ija ndi imeneyi! Chipande chimodzi. Wachigwira ndiye athire, enawo adikire mpaka achisiye."

"Mwamva, amayi osamva inu?" ndinatero ine. "Mwachititsa manyazi banja!"

"Koma agogo, pawindo ndinaona thread yachisanu. Yovala duku lofiira. Inathira kawiri."

Onse anacheukira pamutu panga. Ineyo ndimati enawo aiwala!

Alendo anadyera kabichi ndi madzi ndowa ziwiri. Ukwati unachitika ndithu, koma mpaka lero akuchimuna akandiona amati, "Muli bwanji, agogo a Mchere?"

Mwana akati "koma", mudikire amalize, mchere ukalowa subwerera.