Tsiku Limene Ndinagwadira Mzati wa Tenti

Tsamba ili ndakhala ndikulizengereza m'buku langa. Mwina ndikalilemba, manyazi achepako.

Chaka chatha, fodya ali m'zigafa, sukulu yathu ya ku Chulu inapita ku boma kukaona chionetsero cha sayansi. Eni ake anaimika tenti yaikulu, mkati muli zinthu zoti uzigwire ndi kuziyesa wekha. Chimene aliyense ankalimbirana chinali magalasi akuluakulu omanga kumutu, okhala ndi zotseka m'makutu. Ankati ukawavala umalowa m'thupi la munthu.

Ine sindilankhula pagulu. (Aphunzitsi ena anatha teremu yonse akuganiza kuti ndili ndi chibwibwi.) Ndinaima kumbuyo, koma mnzanga Tadala anandikankha. "Pita iwe, saluma!"

Nditawavala, tenti inasowa, phokoso la anzanga linazima. Ndinali m'chipinda choyera, patsogolo panga pataima mayi wachikulire wovala zaudokotala. "Takulandirani," anatero.

Kwathu wamkulu sumuyankha uli chiimire. Ndinagwada pansi, manja pamodzi. "Zikomo amayi, mwaswera bwanji?" (Tadala akuti apa m'pamene anyamata anayamba kugwirana mapewa ndi phwete. Ine sindinamve kanthu.)

Dokotalayo anandidutsitsa pammero mpaka m'mapapo. Makoma ake ankafufuma ndi kuphwa mondizungulira, ndinachita kutambasula dzanja kuti ndiwakhudze. Kenaka makomawo anayamba kuda, ndipo ndinamva munthu akutsokomola. Chinali chifuwa cha abambo anga chenicheni, chija chimawagwira akamasankha fodya mpaka kutsamira nsanamira ya chigafa.

Kunyumba tinali titapangana kuti za chifuwacho zisatuluke. Abambo ankati anthu akamva ayamba kunong'ona, ndipo pamaliro aziwapatsa kapu yawoyawo.

"Kodi mukudziwa wina amene wakhala akutsokomola kwa nthawi yaitali?" anafunsa dokotala uja.

"Abambo anga," ndinayankha. "Miyezi itatu tsopano. Dzana panali magazi pampango, amayi anauchapa mobisa. Chonde musauze munthu."

Munthu wotseka makutu sadziwa kukula kwa mawu ake. Atandivula magalasi, ndinapezeka ndili chigwadire kutsogolo kwa mzati wa tenti, sukulu yonse itandizungulira. Panalibenso woseka. Bola akanaseka.

Mayi Mwale, aphunzitsi athu a bayoloje, anandidzutsa n'kundisasa fumbi m'mawondo. "Tiye panja, mwanangu." Loweruka lake anatulukira kwathu pakabaza, ali ndi bambo wa zaumoyo wa m'dera lathu. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe.

"Wakuuzani ndani zimenezi?" anafunsa abambo.

"Mwana wanu anafunsidwa ndi dokotala," anayankha Mayi Mwale. "Ndipo munamulera ndinu kuti asamanamize akuluakulu."

"Dokotala wa kuti?"

"Wa m'magalasi, bambo."

Abambo anafuna kukalipa, koma chifuwa chinawatsogolera. Anatsokomola mpaka misozi, alendo akuyang'ana pansi. Lolemba anapita kuchipatala. Chinali chifuwa chachikulu. Anawapatsa mankhwala a miyezi ingapo, ndipo tonse a m'nyumba tinakayezetsa.

Sabata yonse abambo sanandiyankhule. Ndinkawapatsa madzi omwera mankhwala, iwo n'kulandira maso ali kumbali. Zonong'ona zija zinachitikadi, ndipo ndinkadziwa kuti ndinazibweretsa ndine. Kapu yawoyawo anapatsidwadi kawiri.

Mwezi watha tinali m'chigafa tikumanga fodya wa chaka chino. Ndinazindikira kuti tagwira ntchito m'mawa wonse osamva kutsokomola. Abambo, osatembenuka, anati: "Iwe, dokotala wako uja ukadzamuonanso, umupatse moni wanga."

Kusukulu anyamata sanaiwale. Ndikamadutsa amagwadira mtengo uliwonse: "Mwaswera bwanji amayi?" Tadala amati ndaphunzirapo kanthu, kuti za m'magalasi si zenizeni. Ndimangomuvomera. Koma mayi wa m'magalasi uja atati andifunsenso, ndikudziwa kuti ndingagwade ndithu, ndipo ndingayankhe.