Mbidzi ya ku Nesale ndi Penti Wokana Sopo

Ndinanama, abale anga. Ndiyambire pamenepo kuti tisavutane. Ndinanamiza mphunzitsi wa mwana wanga, kenako ndinanamiza mwini sukulu, ndipo mtsikana wosalakwa anangotsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha ine, bambo wandevu zanga, amene Lamlungu ndimaima pakhomo la tchalitchi kulandira anthu. Sekani ndithu, inenso masiku ano ndimaseka, koma imvani kaye mmene zinayambira.

Mwana wanga Taonga nthawi imeneyo anali ku nesale, kasukulu ka tiana kuno kukomboni ya George, kuseri kwa nyumba ya ba Mayi Sakala amene ndi eni ake. Chipinda chimodzi chamalata, timipando tapulasitiki, basi. Mphunzitsi wawo anali ba Ticha Mwansa, mtsikana wa ku Kopala, kumigodi kuja, amene anali atangoyamba kumene ntchito, ndipo anali ndi kaphunzitsidwe kake: sabata iliyonse inali ndi mutu wake. Sabata ya magalimoto Taonga anabwera ndi minibasi ya katoni, mawilo ake zitsekerero za mabotolo, n'kumakuwa pakhomo ngati kondakitala, "Tauni! Tauni!" Sabata ya zipatso anamata njere za papaya papepala. Ndiye kunabwera sabata ya banja. Anajambula amake aakulu kudzaza pepala lonse, ine kakang'ono pakona ngati nyerere. Ndinamufunsa chifukwa chake.

"Ba dadi, imwe simubwelako ku sukulu."

Eee! Zinandilasa mumtima, sindinama. Ndinalumbira kuti tsiku lina ndidzakula papepala limenelo.

Mwayi sunachedwe. Inafika sabata ya nyama zam'tchire, ba Ticha n'kutumiza uthenga kwa makolo kuti tibweretse makatoni, masaka, nsalu zakutha, ndipo amene angathe abweretse penti. Lachisanu ana amayenera kuviika manja mu penti n'kudinda papepala lalikulu kuzungulira nkhope ya mkango, kuti timanja tawo tikhale manyenje ake. Penti! Ine ndimanyamula katundu kumafakitale, kugodauni ya zomangira nyumba, ndipo kuseri kwake kunali zitini zophwanyika, mapepala ake atamatuka, zongodikira kutayidwa. Ndinapempha wosunga katundu, iye anati tengani, mwandithandiza. Choyera, chakuda, chachikasu, chofiira. Amuna anzanga akubweretsa makatoni opanda kanthu, ine ndikubwera ndi zitini zodzaza, kodi pamenepo ndani bambo?

Lachisanu ndinapempha kuweruka msanga, ndinakweza zitini pawilibala, ndinalowa pageti la sukulu ngati ndabweretsa chimanga chachithandizo. Ba Mayi Sakala anali atapita kutauni. Ana anandizungulira, ba Ticha anaomba m'manja.

"Ba tate ba Taonga, zikomo maningi! Koma uyu penti ni wamanzi? Uja wochoka na sopo?"

Tsopano tamverani. Ine zitini ndimangozinyamula paphewa, sindinatsegulepo ngakhale chimodzi. Kuti pali penti wamadzi ndi penti wamafuta ndinkamva chabe anthu akunena. Yankho loona linali lalifupi, loti sindidziwa. Koma Taonga anali atagwira buluku langa, akuuza anzake mokweza kuti, "Ba dadi banga baziba vonse!" Inu mukanatani?

"Ba Ticha," ndinatero, chifuwa patsogolo, "ine nasebenza na penti zaka na zaka. Uyu ni wamanzi weniweni."

Anatsegula chitini chimodzi ndi supuni, ananunkhiza, n'kukwinya mphuno. "Nanga fungo iyi?"

"Penti wodula anunkha so. Uja wamene sanunkha ni wa feki."

Ndinaona kuti akukayikabe, ndiye ndinachita chimene mpaka lero sindimvetsa. Ndinatenga bulashi, ndinaviika mu woyera, ndinadzipaka nkhope yonse, pachipumi, m'masaya, m'ndevu, mpaka m'makutu. Kenako wakuda, mizeremizere kutsika nayo mpaka m'khosi.

"Mwaona? Ningazipake chinthu choipa ine mwine? Bana, nine ndani?"

"Mbidzi!"

Abale, chisangalalo chimene chinabuka m'kachipinda kaja sindinachionepo, ngakhale paukwati wanga. Ba Ticha anaseka n'kugonja, anathira penti m'mbale, ana anafola mzere, kuviika, kudinda, kuviika, kudinda, wina chikasu, wina chofiira, mkango uja n'kumera manyenje okongola ngati dzuwa likutuluka. Anawaphunzitsa kanyimbo kotchula nyama, aliyense akatchula yake aziyenda mmene imayendera. Panali njovu za mikono ya masaka, akamba obereka makatoni kumsana. Ine ndinagwada n'kuyamba kuyenda ndi miyendo inayi, tiana tikukwera pamsana mosinthana. Wina anafunsa kuti mbidzi imalira bwanji. Ndinaionapo kuti mbidzi ine? Ndinangolira ngati bulu wa kwathu ku Katete, ana onse n'kugwa pansi ndi phwete. Taonga amangouza aliyense, "Ni ba dadi banga! Ni ba dadi banga!" Mumtima ndinati lero ndadzaza pepala.

Kenako ba Ticha anabweretsa beseni la madzi ndi sopo kuti ana asambe makolo asanafike.

Woyamba anali Bupe, kamtsikana kamene kanaviika mu wofiira mpaka m'zigongono. Anaika manja m'madzi, madzi aja n'kumangotsetsereka ngati pa nthenga za bakha. Sopo, palibe. Kukhula ndi chinkhupule, penti n'kumangofalikira. Ba Ticha anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Afunika chabe manzi yotentha," ndinatero.

Anatenthetsa madzi. Palibe! Ndipo mukudziwa inu, mwana sangaime manja ali m'mwamba kudikira. Mmene timalimbana ndi Bupe, anzake anali atagwira kale chilichonse. Mayunifomu, tsitsi, mphuno, timipando, katani yoyera ya ba Mayi Sakala. Kamnyamata kena kanapita kuchimbudzi n'kubwera ndi zikhatho ziwiri zachikasu kumbuyo kwa kabudula. Wina anayamba kulira, anzake n'kulandira, onse n'kuthamangira kukakumbatira ba Ticha, diresi lawo n'kusanduka chitenje cha manja okhaokha. Malata atentha, fungo lakwera, ine nkhope yayamba kuuma, ndikati ndimwetulire masaya akukana.

"Ba tate ba Taonga," anatero ba Ticha, "Bupe mailo ali pa laini ya ukwati. Ni wamene azanyamula maluba."

Mayi ake a Bupe, bana Bupe, amagulitsa tinsomba ta kapenta pamsika, ndipo George yense amadziwa kuti akakweza mawu ngakhale agalu amalowa m'nyumba.

"Nibwela manje manje na mankhwala!"

Ndipo poyamba ndinalidi ndi mtima wobwerera, Mulungu ndi mboni. Ndinathamangira pakantemba, kagolosale kapafupi, kukagula parafini, mnyamata wogulitsa anabisala kuseri kwa matumba a shuga asanandizindikire mawu. Koma pobwerera, ndisanakhote n'komwe pakona, ndinamva bana Bupe. Amamveka ngati alankhula pa chimkuzamawu cha msonkhano wachipani. "Ni ndani wachita ivi? Ni ndani?" Miyendo yanga inasankha yokha. Ndinatembenuka, botolo m'manja, wilibala n'kuisiya komweko, mwana wanga n'kumusiya komweko, liwiro!

Munayamba mwathamangapo m'komboni masana dzuwa likuswa mtengo, nkhope ili mizeremizere? Azimayi pampopi anasiya zigubu zikusefukira. Ana a eni anandilondola m'mbuyo akuimba. Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo la minibasi, "Ba mudala, mwathaba ku paki ya Luangwa? Kwelani, nyama sizilipila!"

Kunyumba ndinadzitsekera n'kuyamba kudzikhula ndi parafini. Woyera anachoka pang'onopang'ono. Wakuda uja, ndinadzamva pambuyo pake, anali wophatikiza phula, womatira malata odontha. Ndinakhula mpaka khungu linatupa motsatira mizere yomweyo. Ndinameta ndevu, zinangoipiraipira.

Ndili pakati pa ntchito imeneyo foni inalira. Ba Mayi Sakala. Anati ba Ticha akunena kuti penti ndinabweretsa ndine, ndipo ndinawatsimikizira kuti ndi wamadzi, kodi n'zoona? Apa ndiye pali tchimo lenileni, zinazo zinali uchitsiru chabe. Ndinati, "Awe, ba Mayi. Ine penti uja ninapeleka kuti mupente geti. Sininauze munthu kuti apake bana." Anati chabwino, Lolemba kuli msonkhano wa makolo, mtsikanayo alongedze zake.

Madzulo mkazi wanga anafika ndi Taonga. Atandiona anakhala pansi pakhomo n'kuseka mpaka misozi, kuitana dzina la mayi ake amene anamwalira kalekale. Taonga manja ake anali opanda penti, akununkha saladi, mafuta ophikira aja. Kani ba Ticha anakatenga botolo lawo la saladi ndi shuga wawo, n'kumapaka mwana mmodzimmodzi, chala ndi chala, makolo akuwatukwana pamutu. Bupe yekha ndi amene wofiira anamukanirira, ndipo paukwati ananyamula maluwa atavala masokosi oyera m'manja. Koma mkazi wanga atamva zimene ndinanena pafoni, kuseka kunatha.

"Uja mwana wa bene asunga bang'ono bake na iyi nchito. Mande muyenda, olo nikunyamuleni pa wilibala."

Lamlungu sindinapite kutchalitchi, ndinatumiza uthenga kuti ndadwala dzino. Bodza linanso limenelo, muliwerengere pomwepo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti Lolemba ndinapita ndi mtima wolapa. Ayi. Ndinapita kukalimbitsa bodza langa. Ndinafukula kansalu kotseka pakamwa ka nthawi ya korona, ndinavala chipewa chaubweya mpaka m'maso, mwezi wa Okutobala, thukuta likuyenderera kumsana. Makolo anakhala pamabenchi panja, bana Bupe kutsogolo manja ali m'chiuno ngakhale atakhala pansi. Ana anawatsekera m'kalasi. Ba Ticha Mwansa anaima pambali, kachikwama kali kale paphewa, maso pansi.

"Ba Phiri," anatero ba Mayi Sakala, "kambani pamaso pa bonse vamene munaniuza pa foni."

Ndinaimirira. Ndinayamba kung'ung'udza m'kansalu muja za geti, kuti geti lachita dzimbiri, kuti ine monga kholo ndinamva chisoni ndi geti. Ndipo zimayenda, anthu amagwedeza mitu! Koma mawu anga anadutsa pawindo. Ndinangomva kamwana kamodzi kakukuwa m'kati, "Mbidzi yabwela!" Chitseko chinatseguka, gulu lonse linakhuthuka, njovu, akamba, onse, wina pamwendo, wina pamsana, "Lilani futi! Lilani futi!" Chipewa chinapita. Ndipo Bupe, ndi timanja take tofiirabe m'zikhadabo, anakoka kansalu kaja.

Zii. Ngakhale nkhuku za ba Mayi Sakala zinasiya kupalasa.

Bana Bupe anaimirira pang'onopang'ono, anabwera pafupi, anandiyang'ana tsaya ili, anazungulira kuyang'ana linalo.

"Ba tate, mwakamba ati penti ni wa geti. Manje iyi nkhope yanu ni geti? Tionetseni pamene itsegukila."

Anthu anagwa m'mabenchi. Bambo wina anachita kutuluka panja pa mpanda kukaseka bwino. Inenso ndikanatha kuseka nawo, kukhotetsa nkhani, kunena kuti ndimangoyesa mtundu wake, pakamwa panga mabodza sanathe. Koma anthu awiri sanaseke. Ba Ticha anali akupukuta misozi ndi lamba wa chikwama. Ndipo Taonga anaima patsogolo panga akundiyang'ana, kudikira kuti bambo ake odziwa zonse anena chiyani.

Kuti musade nkhawa, ba Ticha Mwansa ntchito sanachotsedwe, akuphunzitsabe pomwepo. Katani ndinagula ina, mayunifomu tinakambirana, ndipo ba Mayi Sakala anagamula kuti popeza geti ndinalimvera chisoni chotere, ndilipente ndekha Loweruka, ana akuonerera. Koma zonsezo zinabwera nditagwada kale m'fumbi lija, mawondo onse awiri, mizere ili poyera, n'kunena mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve:

"Ba Ticha, ninanama. Munanifunsa bwino bwino, ine sinenze kuziba, koma ninachita manyazi kukamba ati siniziba. Ninathaba, ninakusiyani mweka na bana, elo ninakunamizilani kuli ba Mayi. Mulandu ni wanga, osati wanu. Bana Bupe, na imwe makolo bonse, na iwe Taonga mwana wanga, nikhululukileni. Kuyambila lelo, sukulu ikapempha vinthu, ine nizabweletsa chabe makatoni. Yopanda kanthu mukati."