Basela wa Kabichi ku Msasa wa Asilikali

Mpaka lero tambala akalira masana, mtima umandigunda. Anthu a kwathu kuno ku Domasi amadziwa chifukwa chake, ndiye bola ndifotokoze ndekha asanathiremo mchere wawo.

Chaka chomwe madzi osefukira anakokolola kamlatho ka kumudzi kwathu, kunabwera asilikali kudzamanga wina. Abale, ndinali ndisanaonepo anthu ogwira ntchito chonchija. Chitsulo chomwe ife tikanachizungulira tsiku lonse tikukangana, iwo mmodzi ankangokuwa kamodzi, onse n'kuchinyamula ngati mtolo wa udzu. Ndinkasiya khasu kudimba n'kukangoima m'mbali mwa mtsinje, kukamwa kuli yasa.

Kenako tinamva kuti asiya kugula ndiwo kwa mkulu wina wa m'tauni, akufuna azigula kwa alimi apafupi. Kalabu yathu ya mthirira inali ndi kabichi wosaneneka, wina atayamba kung'ambika m'dimba chifukwa chosowa msika. Mwayi umenewu ukanatiphonya, thukuta la mabanja onse likanaolera m'mizere. Anatiuza kuti tikapereke koyamba kuti atione, ndipo anzanga anasankha ine (akuti ndimadziwa kuyankhula, koma zoona zake n'zakuti jekete ndili nalo ndine ndekha).

Tsono ine ndinakulira pamsika. Kwathu munthu akagula zambiri umamuikirako basela, kenakake kapamwamba kuti mawa adzabwerenso. Titayeza kabichi yemwe anaitanitsa, ndinaponyamo mitu ina yonenepa. Ndinaona kuti sizikukwanira kwa anthu otimangira mlatho, ndiye ndinagwira tambala wa mayi a kunyumba n'kumuika m'katoni.

"Bambo a Tadala, tambalayo aitanitsanso?" anafunsa mayiwo.

"Mayi, za malonda akuluakulu tisiyireni ife."

Ndinakankha njinga mpaka kumsasa. Kumeneko ndinangoti kakasi. Matenti ali ndondondo, pansi posesedwa mwakuti ukanagwetsa singano ukanaitola. Makoko a mbatata ankawaunjika pamalo pake kuti akhale manyowa, ngakhale misomali yopindika ankaiwongola n'kuiika m'chitini. Ndinakumbukira bwalo la kwathu n'kudzimvera chisoni.

Ndimayembekezera chibwana chamimba, koma olandira katundu anali a Kaputeni, mayi wachitsikana, wamsinkhu wa mwana wanga woyamba. Sankakweza mawu, koma akangoyang'ana kumbali, zimphona zinkathamanga. Matumba anawakoleka pasikelo. A Kaputeni anayang'ana sikelo, n'kuyang'ana ine.

"Bambo, kabichiyu wapitirira."

Ndinakonza jekete. "Ameneyo ndi basela, bwana."

Msilikali yemwe anagwira thumba anayang'ana kumwamba ngati kukubwera ndege.

"Basela wa ndani?" anatero a Kaputeni. "Wogula pano si ine, bambo. Ndalama yake ndi ya msonkho, yanu yomwe. Amene tamusiyayu anayambanso ndi basela. Kenako matumba anayamba kupepuka, kabichi kubwera wowola, koma panalibe womudzudzula chifukwa onse anali atadya zake. Anyamatawa ankanyamula zitsulo ndi njala."

Mawuwo anandilowa mpaka m'mafupa, ndipo ndinkagwedeza mutu ngati ndili m'tchalitchi. Mumtima ndinkangopemphera kuti katoni ija asaione. Ndinasendera pang'onopang'ono kuti ndiitchinge ndi jekete.

Nthawi yomweyo tambala analira. Sanalire mwamanyazi ayi, anakokera mpaka kumapeto.

"Ameneyonso ndi kabichi?"

Pamenepo nzeru zinandithawa. Ndinaganiza zochita sawasha kuti ndioneke waulemu, koma pokweza mkono ndinasiya njinga. Njinga inagwa, katoni inatseguka, luzi la kumiyendo linali litamasuka kale (womanga ndinali ine), tambala uyo, liwiro kulowera kumatenti.

Zomwe ndinaona kenako sindidzaziiwala. Kwathu kugwira tambala ndi ntchito ya mudzi wonse, ana, agalu ndi miyala. A Kaputeni anangoloza ndi chala. Asilikali anamwazikana mwakachetechete, uyu uku, uyu uko, n'kuyamba kuyandikirana. Tambala anaima, anayang'ana mbali zonse, n'kungokhala pansi yekha. Anamubweretsa wopanda nthenga imodzi yothothoka. Manyazi anali atandigwira, komabe ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja.

Kenako ndinakumbukira kabichi wa anzanga uja akung'ambika kudimba. Ndikawauza chiyani, kuti msika ndaugulitsa ndi tambala?

"Bwana, pepani. Olakwa ndine, kalabu isafere ine."

A Kaputeni anadula mutu umodzi pakati, anauyang'anitsitsa, n'kuununkhiza. "Kabichi wanu ndi wabwino, bambo. Wabwino safuna womuperekeza. Lachisanu mubweretse zomwe taitanitsa, osachotsa, osawonjezera."

Anachotsa mitu ya basela ija n'kutuma msilikali kuti andithandize kunyamula mpaka kunyumba. Tangoganizani: ine patsogolo ndi njinga, kumbuyo msilikali wa yunifolomu atapanira tambala kukhwapa. Tisanafike n'komwe, mbiri inali itafika kale kuti ndamangidwa chifukwa choba nkhuku ya boma. Mayi a Tadala anangolandira tambala wawo, n'kunena kuti, "Malonda akuluakulu aja ndi amenewa?"

Tinapereka kabichi mpaka mlatho unatha, ndipo palibe mutu womwe unaolera m'dimba. Dzanja lokha ndi lomwe linkavuta. Lachisanu lililonse linkapita lokha kukatola mutu wapamwamba, mayi a Tadala n'kulimenya.

Asilikali atatsala pang'ono kuchoka, ndinali pamsika wa ku Malosa ndikugulitsa tomato. Panafika mayi wina atavala chitenje, ndipo nditakweza maso ndinazindikira kuti ndi a Kaputeni. Ndinaimirira njo. Ndinawapatsa mulu womwe analoza, ndendende, manja n'kuwabisa kumbuyo.

Iwo anayang'ana m'jumbo, n'kundiyang'ana.

"Bambo, basela bwanji? Lerotu ndalamayi ndi yanga."

Ndinawathirira tomato mpaka jumbo inang'ambika.