Kalasi ya Pansi pa Makwerero

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Maphunziro Osakaniza,

Ndagwada, bwana, ngakhale mawondo anga amalira ngati chitseko chakale. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, choncho akundilembera ndi mlamu wanga, telala. Ndamuchenjeza kuti mawu anga si nsalu, asadule kapena kupinda.

Ndine bambo wa mtsikana amene akuphunzira uphunzitsi m'manja mwanu, woyamba pamtundu pathu kugwira choko. Watsala ndi mayeso amodzi: kuphunzitsa ana, woyesa akuonerera. Akalephera abwereza chaka chathunthu. Ndiye ndati ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nzeru yosakaniza ija, yakuti theka la maphunziro lizichitika pamaso, theka pa foni. Kale woyesa ankazunzika kupita yekha kusukulu, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Lero amangokhala pa mpando wozungulira, kuonerera mwana wanga pa kompyuta. Mwapulumutsa nsapato zambiri, bwana.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha matabuleti amene munatumiza kusukulu kumene mwanayu akuyeserera ntchito. Anafika bwino, ndipo akadali bwino. Magetsi kulibe, netiweki sinapondeko, ndiye ahedi anawakhomera m'kabati kuti angakandike. Ana amawasuzumira pagalasi akamasesa ofesi. Chibadwire sindinaonepo katundu wosamalidwa chonchi.

Chachitatu, zikomo potilimbitsa matupi. Dera lonse lino netiweki imagwira malo amodzi okha: pamwamba pa makwerero, mukawatsamiritsa pa khola langa la mbuzi. Ahedi anakana kuti ana atuluke pasukulu, choncho tsiku la mayeso mwana wanga anasenza bolodi mpaka pabwalo pathu. Telala anakwera ndi foni. Ophunzira tinali ife: ine, mayi ake, azakhali ake ndi mnansi wathu wokonza njinga. Tinasamba, tinapesa, tinakhala pamzere manja ali pamiyendo.

Mukanamuona, bwana! Mawu ali pyee, choko chikuvina pabolodi. Ine ndakalamba ndikudinda chala, koma tsiku limenelo ndinalemba chilembo choyamba cha dzina langa. Chinazondoka, komabe aphunzitsi analamula kalasi kuti indiombere m'manja.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha woyesa wa maso akuthwa, amene wamulepheretsa. Akuti mtsikanayu sadziwa kulamulira kalasi, chifukwa wophunzira wina ankamudzudzula kuti aime mowongoka. Amenewo ndi mayi ake, bwana. Ine ndamera nawo imvi m'nyumba imodzi, sindinawalamulirepo. Akutinso ana akumbuyo ankalira phunziro lonse. Zimenezo ndi mbuzi. Wadandaulanso kuti chithunzi chinatha mwadzidzidzi, n'kumangoonetsa mitambo. Apo m'pamene telala anakumana ndi mavu a padenga. Za ndevu zanga zoyera woyesayo sanafunse kanthu, ndipo ulemu umenewo sindidzauiwala.

Musaganize kuti mwana wanga amadana ndi makina. Ndi iye amene amakonza mafoni a nyumba zonse zapafupi akasokonekera, ndipo amalota tsiku limene kabati ija idzatsegulidwe, aonetse ana mapiri ndi nyenyezi popanda kujambula ndi makala. Sadandaula. Wodandaula ndine, ngakhale mukuona nokha kuti ndikungothokoza.

Tamva kuti mwamupatsa mwayi womaliza teremu isanathe, pa foni yomweyo. Pempho langa n'laling'ono ngati ineyo. Popeza maphunziro anu ndi osakaniza, theka la foni talilawa ndipo takhuta. Tigawireniko theka linalo. Tumizani woyesa ndi miyendo yake yomwe, akakhale kumbuyo kwa kalasi yeniyeni, pakati pa ana enieni, aone yekha ngati mwana wanga si mphunzitsi.

Koma ngati nsapato zake sizilola, bwerani inuyo mudzagwire foni, pakuti telala walumbira kuti sakweranso. Makwerero ndawakhoma misomali yatsopano ndipo ndidzakugwirirani ndi manja awiri. Mavu sitinawachotse. Nawonso akufuna kukuthokozani pamaso.

Ine wanu wogwada,
Bambo wa mphunzitsi wamawa,
wophunzira wa mzere wakutsogolo.

Chilembo chozondoka chili m'munsichi ndalemba ndekha.