Makutu a Obadiah Thripp

Malemu a Hedley Thripp sankapereka moni wa padzanja. Ankayamba ndi khutu lako.

Ankati kholo lawo, Obadiah Thripp, amene anachoka ku Mangalande nthawi ya atsamunda kudzaweta nkhosa kuno ku Tasmania, anali ndi makutu ngati zitseko za khola zosatseka. Mabuku a kutchalitchi anapsa kalekale, ndiye a Hedley ankalondola mtundu wawo ndi zala basi. Kukhala pansi sankakudziwa. Lero kumaliro, mawa kumsika wa nkhosa, kagalimoto kawo kakutsokomola m'misewu yonse.

Tsiku lina kumalo omwera mowa anagwira khutu la wapolisi watsopano.

"Taima pomwepo, mnyamata iwe. Amako kwawo n'kuti?"

"Bambo, ndikumanganitu."

"Umanga malume ako? Khutu ili ndi la kwa Martha, mwana wachiwiri wa Obadiah."

Abusa nawo anatsinidwa pakhomo pa tchalitchi. "Pepani abusa, ndinu obwera. Timakutu ta mbewa." Munthu wa Mulungu anaguliratu chipewa.

Amene sankaseka anali Glenys, mkazi wa mwana wawo. Atasowa mphatso zaka zambiri, iye ndi mwamuna wake anakatenga khanda lamasiye ku Hobart, kamtsikana dzina lake Nell, makutu ngati nyemba. Glenys ankadziwa kuti apongozi ake akangoti "wobwera", tauni yonse idzamuitana mwanayo choncho mpaka imvi. Tulo tinamuthawa. Ankamuveka chipewa cha ubweya ngakhale dzuwa la Januwale likuswa mtengo, ndipo akamva kagalimoto kaja, ankatulukira khomo lakuseri.

Kenaka nkhalamba ija inagonekedwa m'chipatala, maso atasiya kuona. Glenys atapita kukazonda, anaima chapatali atanyamula mwanayo.

"Bwera naye mwanayo, Glenys. Wandizemba mokwanira."

"Ali ndi chimfine, bambo."

"Chimfine cha chilimwe chonse? Muvule chipewacho."

Glenys anamuvula chipewacho n'kumuyandikiza pabedi. Zala za a Hedley zinapapasa khutu lakumanja, lakumanzere, n'kubwereranso. Anatenga nthawi, abale, moti Glenys anafuna kungomulanda mwana athawe.

"Obadiah weniweni," anatero a Hedley.

"Koma bambo, mukudziwa kuti mwanayu..."

"Iwe, katswiri pano ndani? Makutu akwathu amachedwa kuphuka." Anatembenukira kwa namwino, mayi wosasunga nkhani m'kamwa. "Mwamva, mayi? Kauzeni aliyense."

Glenys analira njira yonse yobwerera kunyumba. Pofika Lamlungu, ngakhale wogulitsa nyama ankati wakhala akuziona yekha kuyambira kale.

Tawasowa a Hedley, ndinene zoona. Masiku ano timapita kumaliro n'kubwerako makutu ali ozizira, popanda wotiuza kuti ndife a kwa yani. Nell ndi mayi wamkulu tsopano, makutu ake akadali timeneto. Mlendo akamufunsa ngati alidi wa kwa Thripp, amangoti akwawo amachedwa kuphuka. Ndipo m'tauni muno palibe amene anayesapo kutsutsa.