Sabata yophunzira kuiwala

Lolemba
Kalata yafika, yochokera ku bungwe la boma loyang'anira nyumba zosamalira okalamba. Akundifuna Lachisanu ndikakhale mboni. Nkhani ndi ya tsiku lija mwana wanga anabanika ndi mphumu kusukulu, ine n'kuthawa pa shifiti, Anti Zulu, anzanga akuntchito, n'kusaina dzina langa m'buku la mankhwala ngati ndilipo. Anti omwe anandiphunzitsa ntchitoyi, omwe anandiperekeza kukagula jekete langa loyamba ku Barking nditangofika kumene m'dziko lozizirali! Akhoza kuwachotsa ntchito. Pulani: kutseka pakamwa. Pa TV amatero.

Lachiwiri
Loya wa yuniyoni akundiseka. "Werengani tsamba lachiwiri, mayi." Likuti chilichonse ndikanene sadzandiimba nacho mlandu. Ndavinako pampando. Kenako akumaliza: popeza sindingapse, ndilibenso chifukwa chokhalira chete. Ndikakana kuyankha, mlandu ndi umenewo. Nanga Anti? "Pepalali lili ndi dzina limodzi." Ha! Ambulera ya munthu mmodzi.

Lachitatu
Pulani yachiwiri: kuiwala. Ndikuyeserera pagalasi:
sindikukumbukira,
ndi kalekale,
mutu wangawu.
Mwana akudutsa ndi buledi m'manja, akundiuza m'Chingerezi chake kuti ndikamanama mphuno zimatukumuka. Ndayang'ana. Zikutukumukadi, abale.

Lachinayi
Pulani yachitatu: kudwala. Ndaimba foni kuntchito ndi mawu a munthu wotsala pang'ono. Masana belu la pakhomo. Anti, ndi jinja ndi mandimu, akwera basi ziwiri kuchokera kwawo ku Romford. Andigwira pachipumi, n'kundiuza m'kalankhulidwe ka kwawo: "Iwe, nyamuka. Ninasaina na maso yanga yabili. Ukakambe vamene vinachitika." Andisitira bulauzi ya mawa. Ndalirira m'bafa, madzi akutuluka kuti asamve.

Lachisanu
Anthu atatu patebulo, Anti chapambali, madzi m'jagi, lumbiro. Funso loyamba. Ndikutsegula pakamwa kuti ndinene "sindikukumbukira", zikutuluka zonse: nthawi, tsamba, ngakhale mtundu wa bolopeni! Akuti ndiwaloze amene anasaina. Kuloza munthu wamkulu ndi chala? Ndatambasula dzanja lonse ngati ndikuwapatsa mpando. Anti angogwedeza mutu. Wapampando wandithokoza. Ndikanakonda akananditukwana.

Loweruka
Anti awaimitsa ntchito mpaka chigamulo chituluke. Ine shifiti ya m'mawa monga mwa masiku onse, woyera ngati mwana wobatizidwa dzulo. A Harold a m'chipinda chakumapeto akana mapilisi. Akufunsa kuti mayi oseka aja ali kuti. Ndati ali patchuthi. Andiyang'ana pamphuno.

Lamulungu
Mapulani atha. Kutchalitchi ndakhala kumbuyo kwenikweni, koma Anti andikodola, andisungira malo ndi chikwama. Pakati pa nyimbo akundinong'oneza: "Ba Harold sibamamwa mapilisi ngati sunabafunse za galu wao." Galuyo anafa kalekale, ine osadziwa n'komwe kuti analipo. Dzina lake andilembera papepala la nyimbo. Mawa ndikawafunsa ndekha.